Kuwedza redfish uli pamtunda: nyambo iponyedwe pati?

Bambo wa ku Chilomoni:
Akuluakulu, mwana wanga wandiitana ku Galveston, m'chigawo cha Texas ku America, ndipo akuti tikawedza nsomba yotchedwa redfish m'mbali mwa nyanja yamchere. Ine ndinazolowera kuwedza milamba mu Shire ndi nyongolotsi. Kodi pamene pali mitumbira ya mchenga m'madzi, mbedza iponyedwe pati?

Mayi wa ku Limbe:
Bambo, musalimbane ndi kuponya kutali. Yang'anani pamene mafunde akusweka n'kuchita thovu, chifukwa pamenepo mchenga wakwera. Nsombayi imayenda m'ngalande yakuya ya pakati pa mtumbirawo ndi gombe, ikusaka nkhanu ndi tinsomba. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikuponya kupyola ngalandeyo, pamene nsomba zinali pafupi ndi mapazi anga. Muikenso mtovu wolemera kuti nyambo isakokoloke, ndipo muwedze madzi akamadzaza kapena akamaphwa, osati atangoima.

Bambo wa ku Ndirande:
Achimwene, mugule kaye laisensi. Ku Texas amalola redfish zitatu patsiku, zotalika mainchesi 20 mpaka 28. Nsombayi mudzaizindikira ndi banga lakuda pafupi ndi mchira.

Bambo wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri. Nanga nkhanuyo ndiike yathunthu kapena yodula?