Maginito pa chitseko cha filiji: ndikulakwitsa pati?

Wa Folomu 4:
Akuluakulu, thandizeni. Funso likuti maginito olemera magalamu 50 amata pa chitseko chachitsulo cha filiji, ndipo μ, nambala yosonyeza kukula kwa friction (kukhulana kumene kumaletsa chinthu kutsetsereka), ndi 0.4. Akufuna mphamvu yochepetsetsa imene maginitowo ayenera kukokera chitseko kuti asatsetsereke. Ndikalemba kuti N, mphamvu imene chitseko chikukankhira maginito, ikufanana ndi kulemera kwawo (N = mg), friction (μN) ikutuluka 0.196 N (N wa pambuyo pa nambala ndi newton, muyeso wa mphamvu), yochepa kuposa kulemera kwa maginitowo. Ndiye kuti agwa basi?

Mphunzitsi wa Fizikisi:
Vuto lanu lili pa N = mg pomwepo. Zimenezo zimagwira chinthu chikakhala pa tebulo lafulati popanda china chochikanikiza. Chitseko n'choimirira, ndiye kulemera sikukanikiza maginito pa chitsulo ngakhale pang'ono. Jambulani mivi inayi: kulemera kuloze pansi, friction iloze m'mwamba, kukoka kwa maginito kuloze ku chitseko, N ichoke ku chitseko kubwera kwa inu. Iwiri yopingasayo ikulimbana yokhayokha, choncho N = F, kukoka kwa maginito kuja. Friction ndiyo ikunyamula kulemera konse, mg = 0.05 × 9.8 = 0.49 N (m ndi makilogalamu 0.05, g ya mphamvu yokokera pansi ndi 9.8). Popeza friction singapose μN, F iyenera kufika 0.49 ÷ 0.4, pafupifupi 1.23 N.

Wa ku Labu:
Aphunzitsi anena zoona. Chinanso chimene chimagwetsa ambiri: μN ndi malire chabe, si friction imene ilipo nthawi zonse. Maginito omwewo atamakoka ndi 3 N, malire ndi 1.2 N, koma friction ikugwirabe 0.49 N yokha. Yotsalayo, 0.71 N, ndiyo katundu amene mungakolowekepo, pafupifupi magalamu 72. N'chifukwa chake kuwamatula molunjika kumafuna 3 N yonse, pomwe kuwatsetseretsa chotsika kumangofuna 0.71 N.

Wa Folomu 4:
Zikomo kwambiri, ndamva. Nanga pakati pakakhala pepala?

Mphunzitsi wa Fizikisi:
Pamenepo malo okhulana akhala awiri, lililonse ndi μ yake. Pakati pa maginito ndi pepala friction ikunyamula maginito okha. Pakati pa pepala ndi chitseko ikunyamula zonse ziwiri. Werengerani padera, pamene malire aperewera ndi pamene patsetserekere. Komanso musatenge 3 N ija ngati yosasintha. Kukoka kwa maginito kumatsika msanga mpata ukangokula, moti mapepala akachulukana N imachepa pomwe katundu akuwonjezeka. Ngati funso silinapereke F yatsopano, mu labu muyezeni ndi spring balance (sikelo ya sipuling'i yoyezera mphamvu yokoka), mukukoka molunjika mapepalawo ali pomwepo.