Alice chess: en passant imayenda bwanji?

Moni nonse akatswiri a chess. Ndakakamira pa Alice chess ija ya V. R. Parton ya 1953, ya mabolodi awiri A ndi B. Zoyambira ndazimvetsa, ukasuntha chinthu chako chimadumphira pa kabokosi komweko pa bolodi inayo bola pakhale popanda kanthu, ndipo kudya ndi pa bolodi yomwe ukusunthirapo basi. Pavuta ndi pa en passant, kuja pawn imadya pawn ya mnzako yomwe yangoyenda timabokosi tiwiri n'kuima pambali pake. Pawn yanga ikachoka e2 kupita e4 imakathera pa B, ndiye ya mnzanga ili d4 pa B ingaidye? Ndasakasaka pa intaneti, mavidiyo a YouTube ndaonera, ena akuti sizitheka ena akuti zimatheka, mpaka gemu tinangoisiyira panjira. Inuyo mumasewera bwanji? Nanga castling, kuja mfumu ndi rook zimasuntha nthawi imodzi, rook imawoloka limodzi ndi mfumu?