Thandizeni, ndikufuna kusintha power supply ndi hard disk ya desktop ndekha

Akuluakulu muli bwanji, amene mumadziwa za makompyuta muno mu Blantyre ndithandizeniko nzeru chonde. Ndili ndi desktop yakale ya Core i5 ndi RAM ya DDR3, ndi imene ndimadyerapo kuno ku Ndirande potayipa ndi kuprinta ma CV a anthu. Chizimire magetsi sabata yatha ikumangoti ndikayatsa fani izungulire pang'ono kenako zii, ndiye ndikuganiza kuti power supply, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta, yapita.

Vuto ndi loti nditatsegula chivundikiro ndapeza chingwe cha power supply cholowa pa motherboard (bodi yaikulu ya kompyuta) ndi chaching'ono cha mapini 8, pomwe zomwe ndaona m'mashopu ku Limbe zonse ndi za mapini 24. Kodi adaputa yosintha mapini 24 kukhala 8 imagwira bwinobwino kapena ndisakesake yofanana ndendende ndi yakaleyi? Sindikufuna kuwotcha bodi, ndalama yogulira ina ndilibe.

Chinanso hard disk inayamba kale kumveka kuti khe khe khe ikamawerenga, mumtima ndimangoti tsiku lina idzandithawa ndi mafayilo a makasitomala. Ndikufuna ndiikemo SSD (chosungira mafayilo chopanda zozungulira mkati) ya 2.5 inch, ndikudziwa kuti chingwe cha SATA ndi chomwecho, koma ndiimangirira pati poti malo ake ndi a 3.5 inch? Nanga Windows ndikopere kuchokera pa disk yodwalayi kapena ndingoika yatsopano?

Lamba wa static uja womanga pa dzanja kuti magetsi a m'thupi asawononge zida ndilibe, kuzula pulagi ndi kugwira chitsulo cha kesi ndisanakhudze RAM ndi zokwanira? Amene munapangapo ndiuzeni choyambira. Zikomo kwambiri.