Bwanji matimu a makampani ku Japan amasintha othamanga nthawi imodzi mu Malichi ndi Epulo?

Nabanda_Liwiro

Moni nonse. Amene mumatsata mipikisano ya mtunda wautali ya ku Japan mundithandize. Chaka chilichonse Malichi akamatha, matimu a makampani monga Toyota, Honda ndi Asahi Kasei amatulutsa mayina: awa achoka, awa alowa, awa apuma. Bwanji zonse zimachitikira pamodzi? Kodi wothamanga angathe kungonyamuka n'kupita kutimu ina ngati mmene amachitira osewera mpira? Nanga bwanji timu imalemba anyamata a ku Kenya awiri, koma pa mpikisano waukulu n'kuoneka mmodzi yekha?

Kamtedza42

A Nabanda, poyambira ndi apa: othamangawa ndi antchito a kampani. Dongosololi kumeneko amalitcha jitsugyodan. Munthu amalembedwa ntchito, amalandira malipiro a pamwezi, ena amakhalako muofesi maola ochepa m'mawa kenako n'kupita kokonzekera. Zikufananako ndi za Blue Eagles kapena Moyale kwathu kuno, kumene wosewera amakhalanso wantchito wa bungwelo.

Tsono chaka cha ntchito ndi cha sukulu ku Japan chimatha pa 31 Malichi n'kuyamba pa 1 Epulo. Omaliza yunivesite onse amayamba ntchito tsiku limenelo, ndipo othamanga sasiyana ndi anzawo. Ren Tazawa atamaliza ku yunivesite ya Komazawa analowa Toyota mu Epulo 2023, Ryuji Miura anachoka ku yunivesite ya Juntendo n'kulowa Subaru mu Epulo 2024. Mayina awo amamveka kale miyezi ingapo m'mbuyo, chifukwa makochi amakambirana ndi ophunzira asanamalize sukulu, ambiri asanathamange n'komwe Hakone Ekiden yawo yomaliza ya pa 2 ndi 3 Januwale (ekiden ndi mpikisano wothamanga mopatsirana pamsewu, ndipo wa Hakone ndi wa mayunivesite). Kuti atsopano apeze malo, ena ayenera kutuluka, ndiye mndandanda wa otuluka umabwera masabata omwewo.

Mukamawerenga mndandanda wotere, samalani mawu atatu, chifukwa anthu amawasokoneza. Intai ndi kusiyiratu kuthamanga. Ambiri otere sachoka pakampani, amangosamukira ku ntchito ya muofesi kapena ya kufakitale nthawi zonse, ena amasanduka othandizira kochi. Taibu ndi kuchoka mutimu, osanena kumene munthu akupita. Iseki ndi kusamukira kutimu ina. Dzina likalembedwa pansi pa taibu musafulumire kunena kuti wapuma. Yuta Shitara, amene anaphwanya rekodi ya marathon ya Japan ndi 2:06:11 ku Tokyo mu 2018, anachoka ku Honda kumapeto kwa Malichi 2023, anthu n'kumadabwa, koma patapita miyezi yochepa anatulukira kutimu ya Nishitetsu ku Fukuoka.

MwanaWaDedza

Pa funso lachiwiri lija pali nkhani yaitali, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa amawerenga zakale.

Kale, wothamanga akafuna kusamuka ankafunika kalata yochokera kukampani yake yotsimikiza kuti asiyana mwamtendere. Popanda kalatayo bungwe loyang'anira matimu a makampani silinkamulembetsa pansi pa timu yatsopano, ndipo chiletsocho chinalibe malire a nthawi. Ganizirani munthu wa zaka 26 amene wayambana ndi kochi. Zaka zake zabwino zatsala mwina zisanu, kampani yakana kusaina. Palibe timu ina imene ikanafuna kumulipira malipiro pomwe sangathamange ekiden, choncho ambiri ankangopirira kapena kusiya.

Makampani ankanena kuti lamuloli linkateteza matimu ang'onoang'ono kuti olemera asamawabere anthu amene awaphunzitsa ndi ndalama zawo. Mfundoyo si yopanda nzeru, koma mphamvu zonse zinali m'manja mwa bwana. Mu 2019 bungwe la Japan Fair Trade Commission linachenjeza kuti ziletso zopanda malire zotere zingathe kusemphana ndi lamulo loteteza mpikisano pa malonda. Mu 2020 lamulo la kusamuka lija linasinthidwa. Tsopano matimu awiri akagwirizana, munthu amalembetsedwa popanda kudikira, ndipo akalephera kugwirizana, kudikirako sikupitirira chaka chimodzi.

Musaganize kuti chaka chimodzi n'chochepa. Mpikisano umene kampani imaufuna kwambiri, New Year Ekiden, umachitika kamodzi pachaka, ndiye kudikira chaka kumatanthauza kuti timu yatsopano ilipira munthu amene sadzavala tasuki, kansalu kamene othamanga amapatsirana pa ekiden, nyengo yonse. N'chifukwa chake mpaka lero othamanga ambiri amayesetsa kusiyana ndi kampani bwinobwino. Kulibenso chizolowezi chogulitsana anthu pamtengo wolengezedwa ngati kumpira.

Pali njira ina yotulukira, yodziimira pawekha. Suguru Osako anachoka ku Nissin Foods mu 2015 atangokhalako chaka chimodzi, n'kupita ku Nike Oregon Project ku America. Daichi Kamino anachoka ku Konica Minolta mu 2018. Otere amataya malipiro okhazikika, nyumba ya timu, wowaphikira ndi wowasisita minofu, ndipo zonsezo ayenera kulipira okha kuchokera kwa owathandiza ndi ndalama. Amene amakwanitsa ndi okhala ndi dzina kale basi.

Kamtedza42

Zoona achimwene. Ndiwonjezere kuti nthawi zina si wothamanga amene amasuntha, ndi timu yonse imene imagwa. S&B Foods inatseka timu yake mu Malichi 2013, othamanga pamodzi ndi Toshihiko Seko, katswiri wakale wa marathon, n'kutengedwa ndi kampani ya DeNA. Awo anachita mwayi popeza anasamuka onse pamodzi. Za Nissin Foods zinali zowawa: timu imene inapambana New Year Ekiden mu 2010 ndi 2012 inalengeza mu Januwale 2019 kuti yasiya za ekiden, inasunga Yuki Sato ndi Akinobu Murasawa okha, ndipo ngakhale ophunzira amene inawalonjeza malo anauzidwa kuti ayang'ane kwina. Kulengeza mu Januwale n'kochedwa kwambiri, matimu ena amakhala atadzaza kale malo a Epulo.

Gogo_Tasuki

Ine ndiyankhe za a ku Kenya, kenako ndinene mmene mungadziwire ngati kusintha kwalimbitsa timu kapena kwaifooketsa.

New Year Ekiden imachitika pa 1 Januwale ku Gunma, kuyambira ndi kuthera ku Maebashi, makilomita 100 ogawidwa m'zigawo 7. Wothamanga wakunja amaloledwa pachigawo chimodzi chokha. Kwa zaka zambiri mpaka 2023 chinali chigawo chachiwiri cha makilomita 8.3, ndipo kuyambira 2024 chinasunthidwira pa chachinayi, chosakwana makilomita 8. Kwa amayi n'kufupi kwambiri: Queens Ekiden ya ku Miyagi, yochokera ku Matsushima kukafika ku Sendai, ndi makilomita 42.195 m'zigawo 6, ndipo wakunja amathamanga chigawo chachinayi cha makilomita 3.6 basi.

Ndiye wachiwiriyo ndi wachiyani? Choyamba ndi wolowa m'malo mnzake akavulala, pakuti timu yopanda wakunja imatha kutaya mphindi yathunthu pachigawo chimenecho. Chachiwiri, amatsogolera anzake pokonzekera komanso pa mipikisano ya pabwalo ya mamita 5000 ndi 10000, kumene a ku Japan amafunafuna nthawi zabwino. Ena mwa iwo anakulira komweko. Samuel Wanjiru anaphunzira kusekondale ya Sendai Ikuei asanalowe Toyota Kyushu, Bedan Karoki anaphunzira kusekondale ya Sera ku Hiroshima, Vincent Yegon anachoka ku yunivesite ya Tokyo Kokusai kulowa Honda mu 2023. Paul Tanui anatenga mendulo ya siliva ya mamita 10000 ku Rio mu 2016 ali wa timu ya Kyudenko. Koma malo a wakunja sakhala otetezeka ngati a mwini dziko. Liwiro likatsika mgwirizano wake satalikitsa, ndipo mpando wa muofesi sumudikira kawirikawiri.

Tsopano poweruza mndandanda, anthu amathamangira dzina lalikulu limene lalowa. Ine ndimayamba ndi kuwerenga anthu. Tengani otsala onse, chotsani akunja, chotsani ovulala kwa nthawi yaitali, muone ngati mwatsala ndi anthu 6 odalirika komanso awiri kapena atatu oyembekezera. Kenako funsani amene angasenze chigawo chachitali, chimene kuyambira 2024 ndi chachiwiri, cha makilomita 21.9. Pamenepo pamafunika munthu wa half marathon weniweni, wa mamita 5000 sakwanira. Funsaninso amene angapirire mphepo yozizira ya ku Gunma imene imawomba kumaso m'zigawo zakumapeto. Timu ikataya munthu wake wachisanu pa liwiro komanso wachisanu ndi chimodzi nthawi imodzi imavulala kuposa ikataya katswiri mmodzi, ngakhale nyuzi sizilemba za iwo.

Chinanso, kwa amuna palibe amene amalowa mwaulere chifukwa chochita bwino chaka chatha. Timu iliyonse imadutsa mumpikisano wa m'dera lake mu Novembala: East Japan, Chubu, Hokuriku, Kansai, Chugoku kapena Kyushu. Fujitsu inalephera kudutsa mu Novembala 2019, n'kuphonya mpikisano wa 2020, kenako inapambana wa 2021. Kwa amayi matimu 8 oyamba amasungiridwa malo, otsalawo amakalimbirana ku Princess Ekiden ku Fukuoka mu Okutobala. Choncho timu ya amayi imene yagwera kunja kwa 8 ndipo yataya anthu awiri mu Malichi ili ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha kuti atsikana ongochoka kusekondale akhwime, pakuti matimu a amayi amalemba ambiri kuchokera kusekondale, osadikira yunivesite.

Nabanda_Liwiro

Zikomo nonse, zamveka. Funso lomaliza a Gogo: ndiye timu imene yatenga akatswiri a Hakone ambiri ndiyo yoti tiziyembekezera kuti ipambana Januwale wotsatira?

Gogo_Tasuki

Nthawi zina, koma kawirikawiri zimatenga zaka ziwiri. Asahi Kasei inatenga mapasa awiriawiri mu 2015, Kenta ndi Kota Murayama komanso Takashi ndi Hiroshi Ichida, koma chikho cha New Year Ekiden chinabwera mu 2017, ndipo anachisunga mpaka 2020. Chaka choyamba chimadyedwa ndi kuzolowera kochi watsopano, malo atsopano ngati Nobeoka, tauni ya timu ya Asahi Kasei, ndi kuvulala kumene kumabwera munthu akawonjezera mtunda mofulumira. Onaninso ngati mnyamatayo akukonzekera ndi timu kapena watsalira kwa kochi wake wa kuyunivesite. Tazawa atalowa Toyota anapitiriza kukonzekera ndi Hiroaki Oyagi wa ku Komazawa, ndipo munthu wotere amapatsa timu chigawo chimodzi champhamvu pa 1 Januwale koma sakoka anzake pokonzekera tsiku ndi tsiku.