Batani lotsegula browser mu app silikugwira pa Android 11 kupita m'mwamba

Mbewe_Kapata

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi app ya Kotlin ya gulu la alimi a nshawa ndi soya kuno ku Chipata. Mlimi akagulitsa mbewu, pali batani lakuti "Onani risiti" lomwe liyenera kutsegula link mu browser. Pa foni ya Android 10 likugwira bwinobwino. Pa Android 12 ndi 13 ukadina kuli zii, ngakhale error sikubwera. targetSdk ndi 34, ndipo code yake ndi iyi:

```
val intent = Intent(Intent.ACTION_VIEW, Uri.parse(link))
if (intent.resolveActivity(packageManager) != null) startActivity(intent)
```

Kodi ndingoika WebView, yoonetsa tsamba mkati mwa app momwemo, nkhani ithe?

aTembo

A Mbewe, intent yanu, pempho lija louza Android kuti itsegule link, ilibe mlandu. Chakutchingani ndi `if` ameneyo. Kuyambira Android 11, yomwe ndi API 30 ya mu 2020, app siionanso ma app ena onse ali m'foni pokhapokha mutanena mu manifest (fayilo ya AndroidManifest.xml) kuti mukufuna kuona ati. Choncho `resolveActivity` ikubweza null ngakhale Chrome ilimo, ndipo `startActivity` siikuitanidwa n'komwe. N'chifukwa chake Logcat, momwe mumaonekera ma error, yangokhala chete.

Njira yachidule: chotsani `if`. Kutsegula app ina sikuletsedwa, choletsedwa ndi kufunsafunsa za iyo.

```
try {
    startActivity(intent)
} catch (e: ActivityNotFoundException) {
    Toast.makeText(this, "Foni ilibe browser", Toast.LENGTH_LONG).show()
}
```

Ngati mukufunadi kudziwiratu, mwina kuti mubise batani pa foni yopanda browser, ikani izi mu AndroidManifest.xml, molunjika pansi pa `<manifest>`. Mukaziika mkati mwa `<application>` sizigwira.

```
<queries>
  <intent>
    <action android:name="android.intent.action.VIEW" />
    <category android:name="android.intent.category.BROWSABLE" />
    <data android:scheme="https" />
  </intent>
</queries>
```

Wina angakuuzeni kuti muike `QUERY_ALL_PACKAGES`, chilolezo choona ma app onse a m'foni. Musamvere. Google Play imafuna chifukwa chomveka cha chilolezo chimenecho, ndipo kutsegula risiti si chifukwa. Nacho chilolezo cha `INTERNET` sichikhudza nkhaniyi, popeza wokatenga tsambalo ndi browser, osati app yanu.

Muyang'anenso link yomwe ikuchokera ku server. Ikayamba ndi www popanda `https://`, Android sidziwa woti imupatse, ndipo mugwera mu catch. Ikalembedwa `Https://` ndi H wamkulu, monga keyboard ya pafoni imakonda kuchitira munthu akamalemba chiyambi cha mzere, n'chimodzimodzi, chifukwa Android imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa scheme. Mankhwala ake ndi `Uri.parse(link.trim()).normalizeScheme()`. Ndipo ngati batanilo lili mu adapter ndipo mukugwiritsa `applicationContext`, onjezani `FLAG_ACTIVITY_NEW_TASK`, apo ayi app igwa.

NaPhiri_Katete

Zomwe anena a Tembo ndi zoona. Ine ndiyankhe za WebView: achimwene, musayerekeze. Imaoneka yophweka tsiku loyamba, koma ndi nyumba yopanda zitseko, chilichonse mukhoma nokha.

Risiti yanu ikakhala PDF, WebView siionetsa, ndipo siidzitsitsira yokha fayilo mpaka mutalemba `setDownloadListener`. Patsambalo pakakhala link ya `tel:` kapena ya WhatsApp, mlimi aona `ERR_UNKNOWN_URL_SCHEME` pokhapokha mutaigwira mu `shouldOverrideUrlLoading`. Tsamba la http wamba limakanidwa kuyambira Android 9, uthenga wake ndi `ERR_CLEARTEXT_NOT_PERMITTED`. Kulowa ndi akaunti ya Google mkati mwa WebView nakonso kunatsekedwa, mumangolandira 403 `disallowed_useragent`. Ma cookies ake ndi apadera, kotero munthu amene analowa kale mu Chrome ayambanso kufunsidwa password, ndipo tikudziwa tonse kuti ambiri anaiwala kalekale, anawatsegulira ndi mdzukulu.

Ngati nkhawa yanu ndi yakuti mlimi akatuluka mu app asochera, gwiritsani Custom Tabs. Onjezani `androidx.browser:browser` mu Gradle, kenako:

```
CustomTabsIntent.Builder().setShowTitle(true).build().launchUrl(this, uri)
```

Tsamba limatseguka pamwamba pa app yanu, koma woliyendetsa ndi browser yeniyeni, ndi ma cookies ake komanso ma download ake. Pamwamba pali X, akadina wabwerera pomwe anali. Browser ikakhala yosadziwa Custom Tabs, link imangotseguka mwa nthawi zonse, palibe chosweka. try/catch ija muisiye pomwepo.

Zulu_wa_Mwami

Pali dzenje lina lomwe simuliona pa emulator kapena pa foni yanu ya RAM 8GB. Mafoni ambiri kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi ndi Lundazi ndi a 1GB kapena 2GB, ena a Android Go. Browser ikatseguka imadya memory, ndiye Android imapha app yanu kuseri mwakachetechete. Mlimi akadina back, app imayambiranso, ndipo makilo amene kalaliki analemba pa fomu angathe kutayika. Munthu wanyamula matumba pa ngolo kuchokera kutali, sikelo yawerengedwa, kenako muuze kuti tiyezenso?

Choncho musanaitane `startActivity`, sungani kaye. Zolembedwa pa fomu muziike mu `SavedStateHandle`, yomwe imazibweza app ikaphedwa kuseri, ndipo zogulitsa zenizenizo zilowe mu Room, database ya m'foni momwemo. ViewModel, yosunga zinthu mu memory, payokha siipulumuka process ya app ikaphedwa. Poyesa, pitani ku About phone, dinani Build number ka 7, lowani mu Developer options, yatsani "Don't keep activities". Imeneyo imapha activity yokha. Kuti muone imfa ya process yonse, tsegulani browser, kenako pa kompyuta lembani `adb shell am kill` ndi dzina la package yanu, mubwerere ku app muone chatsala.

China: musadikire yankho kuchokera ku browser kudzera pa `startActivityForResult`. Browser sibweza zotsatira, mungolandira `RESULT_CANCELED`. Ngati tsiku lina mudzaikapo zolipira za mobile money, app izifunsa server yanu mu `onResume` ngati ndalama zalowa. Kubwezera munthu mu app kudzera pa link ya https kumafuna App Links, ndiko kuti `autoVerify` mu intent-filter ndi fayilo ya `assetlinks.json` mu foda ya `.well-known` pa domain yanu. Kuyambira Android 12, link yosatsimikizidwa imangopita ku browser osafunsa.

Komanso kumbukirani kuti foni imodzi imagwiridwa ndi anthu ambiri, nthawi zina ya wapampando imatumikira gulu lonse. Link ya risiti imatsala mu history. Ikakhala yongothera ndi nambala yotsatana, monga 1041 ndi 1042, aliyense angasinthe nambala n'kuona zomwe mnzake walandira. Server izipereka token yotha ntchito pakapita mphindi zochepa.

Mbewe_Kapata

Zikomo kwambiri nonse. Ndachotsa `if`, ndaika Custom Tabs, batani layamba kugwira pa mafoni onse atatu. Za H wamkulu munalasa a Tembo, ma link awiri mu database anali otero. Za `am kill` ndiyesa usiku uno magetsi akabwera. Funso lomaliza: gawo la ogula likulembedwa mu Flutter m'malo mwa Kotlin, kodi nakonso tikakumana ndi zomwezi?

aTembo

Ee, matenda ake ndi omwewo. Mu `url_launcher`, package ya Flutter yotsegulira ma link, `canLaunchUrl` imabweza false pa Android 11 kupita m'mwamba ngati `<queries>` mulibe. Ingoitanani `launchUrl(uri, mode: LaunchMode.externalApplication)` mkati mwa try/catch, n'kuonanso ngati yabweza false. Mukafuna Custom Tabs, mode yake ndi `LaunchMode.inAppBrowserView`, yomwe pa iPhone imatsegula SFSafariViewController. Manifest yoti musinthe ili mu android/app/src/main, ndipo mukaisintha muimitse app n'kuimanganso, hot reload siiwerenga manifest.