Hard drive ya laputopu yakufa, ndigule kabokosi kanji?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Laputopu yanga inasiya kuyaka mwezi watha, ndiye ndachotsamo hard drive. Ndi ya 500GB, ya mainchesi 2.5. Muli zithunzi za ukwati wathu ndi za malemu mayi anga, zomwe kwina kulikonse ndilibe, moti mtima suli m'malo.

Ndamva kuti pali kabokosi koikamo hard drive n'kumailumikiza pa USB ngati flash. Yangayi polumikizira pali timano tiwiri tafulati, kena kakafupi kena kakatali, osati timapini tambirimbiri. Ndiye kuti ndi SATA eti? Ndikuopa kukagula kabokosi ka IDE, ka ma hard drive a timapini aja.

Nanga kompyuta ikadzandifunsa za format (kufufuta zonse zili mu hard drive), ndikane? Muno mu Lilongwe kabokosi kolimba ndingakapeze kuti, ku Old Town? Ndimakhala ku Area 25.