Don Wilson ankamenyadi, kapena ndi za kamera basi?

Wa_ku_Chibavi:
Akuluakulu, tithetsereni mkangano. Anyamata ena ophunzira kickboxing kuno ku Mzuzu akufuna kujambula kafilimu ka ndewu ndi foni, ndiye nkhani yafika pa Don Wilson, uja ankamuti "The Dragon" m'matepi a kuvidiyo sho. Ena akuti anali katswiri weniweni, ena akuti ndi ekita chabe. Zoona ndi ziti? Nanga munthu wodziwa kale kumenya asinthe chiyani akaima pa kamera?

Mdala_wa_Luwinga:
Achimwene, ameneyo ankamenyadi. Anabadwa mu 1954 ku America, anayamba kickboxing mu 1974, ndipo anatenga malamba 11 a dziko lonse. Mu 1984 anagonjetsa Dennis Alexio pa mapointi, yemwe uja anadzasewera ngati mkulu wake wa Van Damme mu filimu ya Kickboxer. Van Damme naye anapikisanako kwawo ku Belgium, koma lamba wa dziko lonse sanaugwirepo.

Amene analowetsa Wilson m'mafilimu ndi Roger Corman, mkulu wodziwika ndi mafilimu otchipa ojambulidwa mwachangu. Bloodfist yoyamba anaijambulira ku Philippines, inatuluka mu 1989, ndipo Wilson anasewera m'magawo 8 mpaka 1996. Ambiri mwa mafilimu ake sankapita ku sinema, ankangolunjika pa tepi, n'chifukwa chake anadzaza mavidiyo sho.

Chimene chinawathandiza anthu a nthawi imeneyo ndi malamulo. Bungwe la PKA, lomwe linkayendetsa mipikisano ya kickboxing ku America, linkaletsa theche la m'munsi mwa chiuno, komanso linkalamula kuti munthu aponye matheche osachepera 8 pa raundi iliyonse. Ndiye anazolowera kukweza mwendo kunthiti ndi kumutu, zimene kamera imakonda. Theche la pantchafu limapweteka koopsa, koma pa kanema silioneka ngati kanthu.

Kamera_Katoto:
A Mdala alongosola bwino mbiriyo. Pa funso lachiwiri, vuto lalikulu la womenya weniweni ndi luso lake lomwelo. Mu ringi umabisa nkhonya: yaifupi, yachangu, phewa lisakuulule. Pa kamera ndi zosiyana. Phewa libwerere kaye m'mbuyo, mkono uzungulire motakasuka, woonera aione nkhonya isanafike. Nkhonya yabwino ya mu ringi imatha m'mafulemu (zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema) ochepa kwambiri, ndiye pa mafulemu 24 kapena 30 pa sekondi imangooneka ngati chimbuuzi.

Nkhonya yakumaso isakhudze munthu. Siyani mpata wa masentimita 15 mpaka 30 kuchoka pachibwano, theche lakumutu mpata ukulepo. Mpatawo amaubisa ndi pamene mwaika kamera. Wojambula aime chakumbuyo kwa phewa la mmodzi, kuti chibakera chidutse pakati pa lenzi ndi nkhope ya winayo, kapena nkhope iphimbe chibakera. Mukajambulira m'mbali, onse awiri akuoneka chammbali, mpata wonse umaonekera poyera ndipo ana omwe amaseka. Kuima patali n'kukoka chithunzi kumathandizanso, chifukwa anthu amaoneka oyandikana kuposa mmene alili. Lenzi ija ya 0.5 ya pa foni isiyeni, imakulitsa mpata.

Ndipo amene amapangitsa kuti nkhonya ioneke yoona ndi womenyedwayo. Mutu utembenukire kumene nkhonya ikupita, pa nthawi imene chibakera chikudutsa. Akafulumira zimaoneka kuti akuzinda, akachedwa zimaoneka zabodza. Apa mpamene ochita kickboxing amavuta: thupi lawo linazolowera kulowetsa chibwano ndi kusaonetsa ululu, ndiye amangoima njii.

Ndewuyo muidule m'zigawo za kuponya katatu mpaka kasanu. Chigawo chilichonse muyambe mochita kuyenda, mukuwerenga mokweza, kenako theka la liwiro, n'kumakweza pang'onopang'ono. Wina akaiwala chotsatira asapeke chake, aime. Ngozi zambiri zimabwera pamenepo, mmodzi akuyembekeza kuzinda kumanzere mnzake n'kuponya kumanja. Kamera isadumphe mzere wolumikiza anthu awiriwo, apo ayi polumikiza zithunzi amene anali kumanzere amapezeka ali kumanja.

NyaZolozolo:
Koma a Kamera, si onse amasiya mpata. Ku Hong Kong ankagundana ndithu pathupi, atavala zotchinga mkati mwa zovala. Onani Benny Urquidez, katswiri wina wa kickboxing, ndi Jackie Chan mu Wheels on Meals ya 1984. Kungoti amenewo anali ndi gulu lophunzitsidwa kugwa kuyambira ali ana. Anyamata athuwa asatengere. Ngakhale odziwa amalakwitsa: pojambula Cyborg, Van Damme anavulaza mnzake m'diso ndi mpeni wosewerera, munthuyo diso linasiya kuona, ndipo khoti linalamula chipepeso. Mipeni ndi zikwanje zenizeni zisayandikire n'komwe, ngakhale zobuntha.

Zogwa, ikani matiresi awiri ophatikiza kunja kwa chithunzi, kugwako mukujambule pakokha, kenako munthu ali gone pansi. Wakugwa alowetse chibwano pachifuwa ndipo asatsogoze dzanja, mkono umathyokera pamfundo. Komanso kuno udzu umakhala ndi mame mpaka dzuwa litakwera, phazi loimira limaterereka munthu akuzungulira. M'miyezi yozizira ija atenthetse thupi mphindi 15 asanakweze mwendo, minofu yakumbuyo kwa ntchafu simachedwa kukokeka.

Wa_ku_Chibavi:
Zikomo nonse. Nanga phokoso lija la nkhonya?

Kamera_Katoto:
Limaikidwa pambuyo, polumikiza. Jambulani mawu paokha m'chipinda chopanda phokoso: menyani kabichi kapena pilo wachikopa ndi ndodo, foni ili pafupi. Phokosolo muliike pa fulemu imene mutu ukuyamba kutembenuka. Likaoneka lofooka, chotsani fulemu imodzi kapena ziwiri chibakera chitatsala pang'ono kufika, nkhonyayo imaoneka yachangu kwambiri.